MANKHWALA A KUMUNDA NDI NSOMBA ZA MUMTSINJE

Inu acikumbe, musanapite kukatsuka pampu ya thonje kumtsinje, tamverani m'mene akatswiri amayesera ukali wa mankhwala pa nsomba.

Amatenga mitsuko yagalasi isanu ya madzi, nathiramo mankhwala a miyeso yosiyana, wina pang'ono, wina ambiri. Wacisanu ndi cimodzi ukhala wa madzi okha, wolinganizira. Mu mtsuko uli wonse aikamo nsomba zosacepera 7, osazidyetsa, nawerenga zakufa tsiku ndi tsiku kufikira maora 96, ndiwo masiku 4. Muyeso umene upha theka la nsombazo aucha LC50. Muyesowu ukakhala wocepa, ndiye kuti mankhwalawo ngoopsa kwabasi.

Taonani mankhwala ochedwa endosulfan, amene kale alimi anali kupopera thonje. Magalamu 2 okha m'malita 1,000,000 akwanira kupha theka la nsomba za mitundu ina. M'caka ca 2011 maiko anapangana kuwaletsa.

Komatu kuyesaku kungoonetsa imfa yamsanga. Nsomba yopulumuka ingathe kudwala pambuyo pace, kapena kulephera kuswana.

Cifukwa cace tsukirani pampu kutali ndi mtsinje ndi citsime, ndipo madzi a dibi asatsikire kudambo. Mukatero, ana anu sadzasowa ndiwo.