Galimoto za alendi zidzagona pati?

Munthu akabwera ku khonsolo ndi pulani ya nyumba zalendi, ife okonza mapulani a mizinda timayamba tamufunsa kuti: galimoto za alendi anu zidzagona pati? Ambiri amakwiya, amati tikufuna kuwachedwetsa dala. Chikhalirecho funsoli ndi la masamu.

Galimoto imodzi imafuna malo a mamita 2.5 m'lifupi ndi mamita 5 m'litali. Mukawonjezera njira yolowera ndi potembenukira, imadya masikweya mita pafupifupi 25. Tsono wofuna kumanga mafulati 8 ku Kansenshi mumzinda wa Ndola kapena ku Parklands mumzinda wa Kitwe, tikamuuza kuti khomo lililonse likhale ndi malo a galimoto ziwiri, tamulanda masikweya mita 400. Malo amenewo akanamangapo nyumba zina, ndipo ndalama zotayikazo amazibweza pa lendi. Ngakhale munthu wa lendi woyenda pa minibasi amalipirira malo amene sadzaimikapo kanthu.

Komanso tikangolekerera, zotsatira zake mumaziona ku Wusakile ndi ku Chamboli. Nyumba zakumeneko makampani a migodi anazimangira anthu oyenda wapansi kapena pa njinga. Zitagulitsidwa kwa ozikhalamo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, eni ake anawonjezera zipinda kuseri, kenako kunabwera galimoto zakale zochokera ku Japan. Lero wina amathira dothi m'ngalande kuti galimoto ikwere pakhomo, ndipo mvula ikagwa madzi amathamangira m'nyumba ya mnzake. Wina amakaisiya pamalo olipira pamene pali mlonda, n'kubwerera wapansi usiku.

N'chifukwa chake ine sindigwirizana ndi nambala imodzi ya malo oimikapo galimoto mumzinda wonse. Nyumba yogona ana a sukulu ya Copperbelt University ku Riverside si yofanana ndi nyumba ya banja ku Northrise. Timayenera kuwerenga galimoto zimene zimagonadi m'dera, kuyeza kukula kwa msewu ndi kuona ngati siteji ya minibasi ili pafupi.

Lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015 limapatsa makhonsolo ngati a Kitwe ndi Ndola mphamvu zokonza mapulani a madera awo, ndipo limafuna kuti anthu afunsidwe maganizo. Mukamva kuti kuli msonkhano wotere, pitani mukanene mmene msewu wanu umakhalira usiku. Ife timauona masana, galimoto zonse zitapita kuntchito.