Pikoko ndi krayoni imene inatisowetsa dzina

Nkhani ya lero yayambira patebulo la kukhitchini kwa amayi anga kuno ku Kings Heath, Loweruka lina mvula ya ku Birmingham itakana kukata.

Mlongo wanga anandisiyira mwana wake wa zaka zisanu. Kuti asamangoyang'ana foni, ndinamusindikizira chithunzi cha pikoko choti apake mitundu. Tinapangana kuti krayoni iliyonse azitchula kaye mtundu wake m'Chichewa asanaigwiritse ntchito. Yofiira, yakuda, yachikasu, zonsezi zinayenda bwino. Kenako anatola yoti apakire khosi la mbalameyo.

"Amalume, nanga iyi?"

Ine kakasi. Ndinati "buluu", mwana n'kuseka, akuti ndabera chifukwa chimenecho n'Chizungu. Manyazi anandigwira ndithu, poti pakhomo pano ndine ndimadzitama kuti Chichewa ndimachitha.

Amayi, uku akutakasa mphika, anangoti, "Njobiriwira."

"Koma amayi, yobiriwira si iyi?" ndinawaonetsa krayoni ya mtundu wa masamba.

"Zonsezo nzobiriwira. Ina ngati msipu, inayo ngati thambo."

Mawu akuti buluu Amalawi amawanena tsiku ndi tsiku, ndiye musaope kuwagwiritsa ntchito. Koma nditakawerenga za pikoko usiku womwewo, ndinaona kuti pa mbalame iyi yankho la amayi ndiye lokwana. M'nthenga zake mulibe utoto wa buluu ngati wa m'krayoni. Utoto wake weniweni ngwoderako. Kungoti nthengayo ili ndi timizere tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timabweza kuwala, motero mtundu umasintha mukaipendeketsa. Uku thambo, uku msipu. Isaac Newton analembapo za zimenezi m'buku lake Opticks la mu 1704.

China chinandidabwitsa n'chakuti chimene timati mchira si mchira. Ndi nthenga zophuka pamwamba pa mchira, zotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo mchira weniweni ndi waufupi, umazichirikiza kumbuyo. Zimathothoka chaka chilichonse n'kumeranso. Ali nazo ndi wamwamuna yekha. Wamkazi ngwotuwa, wosadzionetsera.

Amayi ataona chithunzicho anati imeneyi ndi nkhanga yovala za Khirisimasi. Sanaphonye kwenikweni, pakuti pikoko, nkhanga ndi nkhuku n'zapachibale. Pikoko wa pachithunzi chathu kwawo ndi ku India, kumene anasankhidwa kukhala mbalame ya fuko mu 1963. Koma Africa nayo ili ndi wake, wa m'nkhalango za ku Congo, amene asayansi anamulemba m'mabuku awo mu 1936. Ameneyo alibe chinthenga chachitali chija.

Kwa inu amene mukuphunzira, tamverani mmene mawu amodziwa akusinthira: nthenga yobiriwira, nthenga zobiriwira, khosi lobiriwira, pikoko wobiriwira. Ine ndinkalakwitsa pa "khosi" mpaka amayi anandikonza kawiri.

Mwanayo anapaka khosi ndi makrayoni onse awiri, ina pamwamba pa inzake, mpaka pepala linang'ambika pang'ono. Mayi ake atabwera, anawathamangira nalo akufuula, "Lobiriwira ngati thambo!" Chithunzicho chili pafiriji. Ndamulonjeza kuti nyengo ikafunda tidzapita ku Warwick Castle, kumene apikoko amangodziyendera m'munda, akaone yekha khosilo padzuwa.