Wojambula Anafunsa Matope

Ana inu, munaonapo m'buku chithunzi cha anthu akalekale akupalasa bwato pakati pa bango, utsi ukufuka pamadenga? Nthawi imeneyo kamera kunalibe, ndipo palibe gogo amene anakhalako kuti atifotokozere. Nanga wojambulayo anazionera kuti? Musaseke: anafunsa matope.

Tiyeni tipite ku England, kufupi ndi tauni ya Whittlesey, pamalo otchedwa Must Farm. Lero pamenepo pali chinkhuti chachikulu chokumbamo dongo la njerwa. Koma zaka pafupifupi 850 Yesu asanabadwe, dera limeneli linali dambo, ndipo munkadutsa mtsinje woyenda mwaulesi. Anthu anazika nsanamira mumtsinjemo n'kumangapo nyumba zozungulira, mamita awiri kuchokera pansi pa mtsinje. Amene munafikako kunyanja ya Chilwa mukuzidziwa zimbowera, timisasa ta asodzi toyandama pamadzi. Za ku Must Farm sizinkayandama ayi. Zinkaima pamiyendo ngati nkhokwe, ndipo anazizunguliza mpanda wa mitengo yosongola.

Tsiku lina kunabuka moto. Anthu anathawa osanyamula katundu, nsanamira ndi pansi pa nyumba zinanyeka, ndipo zonse zinangoti khuvu! m'madzi. Matope anakwirira mudzi wonse.

Chinsinsi chagona pamenepa. Mtengo ukagwa pamtunda, chiswe ndi tizilombo tina timaudya mpaka kuumaliza. Koma tizilombo tooletsa zinthu timafuna mpweya, ndipo m'matope onyowa mpweya mulibe. N'chifukwa chake akatswiri a Cambridge Archaeological Unit atakumba pamalopa mu 2015 ndi 2016, anapeza zinthu ngati zasiyidwa dzana. Anapeza mikombero ya madenga ili chigonere mozungulira, nsalu zoluka ndi ulusi wa zomera, mikanda yagalasi, nkhwangwa ndi zikwakwa zamkuwa, ngakhalenso gudumu lathabwa lotalika pafupifupi mita imodzi. Chimene chimandigwira mtima ine ndi kambale kadothi kokhala ndi phala la tirigu, kachipande kamtengo kali momwemo. Wina anali pakati pa kudya.

Tsopano wojambula watenga pensulo yake. Ayambire pati? Sayamba ndi anthu. Amayamba ndi funso loti: madzi aja anali otani? Apa amathandizidwa ndi tinthu tomwe inu mungatiponde osationa. Tizigoba ta nkhono, mwachitsanzo. Pali nkhono zokonda madzi othamanga, zina zokonda madzi odikha, zinanso zamadzi amchere. Katswiri akatsuka matope pasefa n'kuwerenga tizigobato, amatha kunena kuti: "Usajambule mafunde, mtsinjewu unali wofatsa."

Kenaka pali mungu. Mukagwedeza ngayaye za chimanga mumaona kafumbi kachikasu kakugwa, si choncho? Kameneko ndi mungu. Mbewu iliyonse ili ndi mungu wa maonekedwe akeake: wina uli ndi timinga, wina timabowo, wa paini uli ndi timatumba tiwiri tampweya ngati makutu. Chikopa chake n'cholimba kwambiri moti m'matope chimakhala zaka zikwizikwi osaola. Akatswiri amalowetsa chitsulo champhako pansi, n'kuzula mzere wa matope wautali ngati nzimbe. Za pansi ndi zakale, za pamwamba ndi zatsopano. Akaunika pa maikulosikopu amawerenga kanjere kamodzikamodzi, mpaka mazana angapo. Ntchito yotopetsa maso, ndithu! Koma mungu wa mitengo ukachuluka amadziwa kuti panali nkhalango, ndipo wa udzu ndi tirigu ukachuluka amadziwa kuti anthu anali atalambula minda.

Mungu uli ndi bodza lake pang'ono. Umauluka ndi mphepo, choncho ungachokere kutali. Njere ndi masamba ndizo kawirikawiri sizipita patali, zimagwa pafupi ndi pomwe mbewuyo inamera. Wojambula wanzeru amaika za njere pafupi ndi nyumba, za mungu n'kuziika chapatali uko, kumapeto kwa chithunzi.

Nanga nyumbazo azipake utoto wotani, wa mitengo yakale yotuwa kapena yatsopano? Nsanamira zinayankha zokha. Zinali zisanafumbwe ndi tizilombo toboola mitengo, ndipo zinali zisanaume bwino pomwe moto unabwera. Mudziwo sunakwanitse n'chaka chomwe. Choncho wojambula ayenera kuonetsa mitengo yowala, tizibanthu ta nkhwangwa tili mbwee.

Pali umboni winanso, koma musanene kuti ndakuuzani pa nthawi ya nsima. Akatswiri anapeza chimbudzi cha anthu ndi cha agalu, ndipo m'menemo munali mazira a njoka zam'mimba zomwe munthu amatenga akadya nsomba zosapsa. Ndiye pachithunzipo nsomba zikhalepo, agalunso akhalepo. Mabwato nawonso ali ndi chilolezo, pakuti mumtsinje womwewo anapezamo mabwato 9 osema pa chipika chimodzi, komanso miono yogwirira mikunga.

Koma matope sanena zonse. Sanasunge nkhope, sanasunge mametedwe a tsitsi, sanasunge mayina kapena nyimbo za ana. Pamenepa wojambula amangoyerekeza, ndipo wachilungamo amavomera kuti wayerekeza. Akatswiri akakumba n'kupeza china chatsopano, amafufuta n'kujambulanso, mwina kasanu konse, mpaka wa nkhono, wa mungu ndi wa mitengo onse agwedeze mutu.

Ndikanakhala ine wojambulayo, mwini phala uja ndikanamujambula atatifulatira. Kambale ndikanakajambula bwinobwino, ndi kachipande kake, poti timakadziwa. Koma iyeyo akanangooneka msana, atakhala pakhomo, miyendo ili lendee pamwamba pa madzi.