Zamrock: Nyimbo za Magitala Aukali Zomwe Zinaiwalika Kwawo Koma Zikusakidwa Kunja

LUSAKA – M'mwezi wa Okutobala chaka cha 2024, woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatulutsa nyimbo yotchedwa Noid. Aliyense womva Chichewa kapena Chinyanja amazindikira msanga kuti mawu ena m'nyimboyi ndi a chiyankhulo chake. Mawuwo, pamodzi ndi kulira kwa gitala kotsagana nawo, anatengedwa m'nyimbo ya Nizakupanga Ngozi, yomwe gulu la ku Lusaka la Ngozi Family linaika m'chimbale chake cha 45,000 Volts m'chaka cha 1977. Chimbale cha Tyler, chotchedwa Chromakopia, chinafika pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard 200 ku America. Mwini wake wa mawuwo, Paul Ngozi, anamwalira m'chaka cha 1989.

Nkhaniyi yadzutsa mafunso pakati pa okonda zoimbaimba m'chigawo chakumwera kwa Africa. Kodi nyimbo zoterezi zinafika bwanji ku Zambia? Nanga zinazilala chifukwa chiyani, ndipo akupindula nazo lero ndani?

Gwero la chamba chimenechi

Chamba cha hard rock ndi heavy metal chinakhwima ku Britain ndi ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Oimba monga Jimi Hendrix ndi magulu a Cream, Deep Purple ndi Led Zeppelin ankakweza kwambiri zokuzira mawu mpaka gitala kumalira mosasa. Ankalumikizanso gitala ku kabokosi kopondedwa ndi phazi kotchedwa fuzz, komwe kamaphwanya dala mawu a nsambo kuti amveke okhuthala.

Gulu la Black Sabbath la mumzinda wa mafakitale wa Birmingham, lomwe ambiri amati ndilo kholo la heavy metal, linatulutsa chimbale chake choyamba m'mwezi wa Febuluwale 1970. Woimba gitala wa gululi, Tony Iommi, anaduka nsonga za zala ziwiri pa ngozi ya m'fakitale ya zitsulo. Pofuna kuchepetsa ululu, iye anayamba kugwiritsa ntchito nsambo zopyapyala ndi kuzimasula pang'ono, ndipo izi zinathandiza kuti gitala lake lizimveka lakuya ndi lolemera.

Magulu omwe okonda chambachi amawatcha underground ndi aja omwe sadalira makampani akuluakulu kapena wailesi. Amajambula zimbale zochepa, amaimba m'malo ang'onoang'ono, ndipo mbiri yawo imafala chifukwa chouzana kwa owatsatira. Magulu a ku Zambia anali otchuka kwawo, koma kunja kwa dzikolo anakhala osadziwika kwa zaka pafupifupi 30, n'chifukwa chake osonkhanitsa zimbale amawaika m'gulu lomweli.

Mkuwa, migodi ndi magitala

Pamene Zambia inkalandira ufulu wodzilamulira pa 24 Okutobala 1964, chuma chake chinali chodalira mkuwa. Anthu ambiri anasamukira m'matauni a migodi a Kitwe, Ndola, Chingola ndi Mufulira komanso ku Lusaka. Ogwira ntchito m'migodi anali ndi malipiro a pamwezi, makalabu achisangalalo ndi ndalama zogulira malekodi ochokera kunja. Ana awo anakula akumva magitala a ku Britain pamodzi ndi ng'oma za kumudzi, ndipo atayamba kuimba anasakaniza ziwirizi. Chosakanizacho chinatchedwa Zamrock.

Gulu la Musi-O-Tunya, lomwe munali Rikki Ililonga, ndi limodzi mwa oyambitsa chambachi, ndipo linakhalapo ku Nairobi m'dziko la Kenya. Ku Kitwe kunabadwa gulu la WITCH, dzina lomwe ndi chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza kuti cholinga chawo chinali kuyambitsa chisokonezo. Mtsogoleri wake, Emmanuel Chanda, anapatsidwa dzina loti Jagari chifukwa kavinidwe kake kankafanana ndi ka Mick Jagger wa Rolling Stones. Chaka cha 1975 chinali chobala zipatso: WITCH inatulutsa Lazy Bones!!, gulu la Amanaz linatulutsa Africa, pomwe Musi-O-Tunya inatulutsa Wings of Africa.

Zinthu ziwiri zinalimbikitsa ntchitoyi. Choyamba, pakati pa zaka za m'ma 1970 mtsogoleri wa dzikolo, Dr Kenneth Kaunda, yemwe naye ankaimba gitala, analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za oimba a m'Zambia. Chachiwiri, mumzinda wa Ndola munali kampani ya Teal, yomwe inali ndi makina osindikizira malekodi, komanso ya Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo, yomwe inkatulutsa zimbale za magulu ambiri achinyamata.

Ku Malawi zinthu zinali zosiyana. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo m'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linaletsa amuna kuweta tsitsi lalitali. Oimba ambiri ankajambulira ku wailesi ya boma ya MBC. M'malo otere, gulu lodzitcha loyambitsa chisokonezo silikanapita patali.

Paul Ngozi, mwana wa m'komboni

Mwa onsewa, yemwe anayandikira kwambiri heavy metal anali Paul Ngozi. Dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo, ndipo anabadwa m'chaka cha 1949. Ataimbako ndi Musi-O-Tunya, iye anakhazikitsa gulu la Ngozi Family, momwe Chrissy Zebby Tembo ankaimba ng'oma. Chimbale chawo cha Day of Judgement, cha m'chaka cha 1976, chili ndi gitala lokalipa, besi ndi ng'oma, popanda zokometsera zambiri. Akatswiri ochuluka amachiyerekeza ndi zimbale zoyambirira za Black Sabbath.

Chomwe chinamusiyanitsa Ngozi ndi anzake a kunja ndi nkhani zomwe ankaimba komanso chiyankhulo. Iye ankaimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja cha m'tauni za moyo wa m'makomboni a Lusaka: umphawi, mikangano ya m'banja, miseche ndi malangizo kwa achinyamata. Motero gitala lochokera kutali linanyamula uthenga womwe mayi wa pamsika wa Matero kapena Chawama ankaumva mosavuta. Lero mumzinda wa Lusaka muli msewu wotchedwa dzina lake.

Momwe moto unazimira

Mtengo wa mkuwa unagwa m'chaka cha 1975 mitengo ya mafuta ili yokwera kale, ndipo ndalama zakunja zinayamba kusowa. Zipangizo zoimbira ndi zosindikizira malekodi zinakhala zovuta kuitanitsa. Chifukwa Zambia inkasunga omenyera ufulu a maiko oyandikana nayo, asilikali a Rhodesia anaukira misasa pafupi ndi Lusaka m'chaka cha 1978, ndipo boma linaika malamulo oletsa kuyenda usiku ndi kuyatsa magetsi. Magulu omwe ankapeza chakudya poimba usiku anasowa pogwira.

M'zaka za m'ma 1980, chamba cha disco ndi kalindula chinatenga malo, ndipo makaseti okopedwa mwachinyengo anapha msika wa malekodi. WITCH nayo inasintha n'kuyamba kuimba disco, Jagari atachoka kukakhala mphunzitsi. Kenaka kunabwera mliri wa Edzi, womwe unatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Mwa omwe anayambitsa WITCH, Jagari yekha ndiye anatsala, ndipo pambuyo pake ankapeza zosowa zake pokumba miyala yamtengo wapatali. Matepi ambiri oyambirira anatayika kapena kuonongeka.

Kubwereranso kudzera kunja

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, osonkhanitsa malekodi akale ku Ulaya ndi ku America anayamba kusaka zimbale za Zamrock. Kampani ya Shadoks ya ku Germany inasindikizanso zina, ndipo ya Now-Again ya ku Los Angeles, motsogozedwa ndi Eothen Alapatt, inatulutsa nyimbo za Ililonga m'chaka cha 2010, za WITCH mu 2012, ndi zimbale ziwiri za Welcome to Zamrock! mu 2017. Pomwe matepi anasowa, akatswiri ankatenga mawu pa lekodi yakale n'kuchotsa phokoso ndi kompyuta.

Filimu ya Gio Arlotta yofotokoza mbiri ya WITCH inatuluka mu 2019. Jagari ndi Patrick Mwondela, yemwe ankaimba kiyibodi m'nthawi ya disco, anadzutsanso gululi pamodzi ndi oimba achinyamata a maiko ena, ndipo anatulutsa chimbale cha Zango mu 2023 ndi Sogolo mu 2025. Naye Sampa the Great, woimba wobadwira ku Zambia, analemekeza Zamrock m'nyimbo yake ya Never Forget mu 2022.

Chidwi pa nyimbo zolemera sichili ku Zambia kokha. Ku Johannesburg, gulu la Suck linajambula nyimbo ya Black Sabbath ya War Pigs m'chaka cha 1970, ndipo ku Soweto kunatuluka gulu la achinyamata akuda la Demogoroth Satanum. Ku Botswana kuli magulu monga Wrust, Skinflint ndi Overthrust, lomwe linayambitsa chikondwerero cha heavy metal m'tauni ya Ghanzi. Izi zikutsutsa maganizo akuti chamba chimenechi ndi cha azungu okha.

Phindu likupita kwa yani?

Funso lotsala ndi la umwini. Pangano la Berne, lomwe Zambia, Malawi ndi South Africa ndi mamembala ake, limateteza nyimbo kwa moyo wonse wa woipeka ndi zaka zosachepera 50 atamwalira. Choncho nyimbo za Paul Ngozi zidakali zotetezedwa, ndipo wofuna kudula chidutswa chake ayenera kupempha chilolezo ndi kulipira. Mabungwe monga ZAMCOPS ku Zambia, COSOMA ku Malawi ndi SAMRO ku South Africa ndi omwe amatolera ndalama za oimba nyimbo zawo zikaulutsidwa.

Koma lamulo limathandiza yekhayo amene ali ndi umboni. Banja lomwe silinasunge mapepala a mgwirizano kapena kulembetsa nyimbo za malemu m'bungwe lotere lingathe kumva nyimbo ya kholo lawo ikulira kunja osalandira kanthu. Malekodi akale omwe ali m'masutikesi ku Chipata, Ndola kapena Blantyre angakhale otsiriza a mtundu wawo, ndipo akagulitsidwa kunja osajambulidwanso, ana a m'chigawo chino adzayenera kugula mbiri yawo kwa alendo. Ntchito yosunga matepi ndi malekodi m'nyumba zosungira zakale ndi m'mawailesi a boma ikufunika kuchitika oimba otsalawo adakali moyo kuti afotokoze yemwe anapeka nyimbo iliyonse.