Chinsinsi cha Wodwala ndi Chitetezo cha Anthu Osadziteteza Okha

Munthu akapita kuchipatala amaulula zinthu zimene sangauze ngakhale m'bale wake wa bere limodzi, ndipo amatero pokhulupirira kuti zimene dokotala kapena namwino wamva ndi kuona zitsala m'chipinda momwemo. Kusunga chinsinsi cha wodwala kumatanthauza kuti matenda ake, zotsatira za kuyezedwa magazi ndi zonse zolembedwa m'buku lake la kuchipatala siziuzidwa munthu wina popanda chilolezo cha mwini wake. M'Malawi muno udindo umenewu wakhazikika pa gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko a mu 1994, lomwe limapatsa aliyense ufulu wokhala ndi chinsinsi, ndipo mabungwe a Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council of Malawi ali ndi mphamvu zolanga madokotala ndi anamwino ophwanya mwambo wa ntchito yawo.

Kufunika kwa chinsinsichi kudaonekera kwambiri pa mliri wa Edzi, pakuti munthu amene akuopa kusalidwa amazemba kukayezetsa, ndipo amene adayamba kale kumwa ma ARV amatha kuleka kukatenga mankhwala akamva kuti nkhani yake yafika m'mudzi. N'chifukwa chake lamulo la HIV ndi Edzi, limene aphungu a Nyumba ya Malamulo adavomereza mu 2017, limaletsa kusala munthu amene ali ndi kachilombo komanso kuulula za m'thupi mwake mwachisawawa. Komabe chinsinsi sichiululika kudzera mwa anthu oipa mtima okha, komanso m'zizolowezi zooneka zazing'ono, monga kufunsa wodwala mokweza mawu pamzere wodzaza, kusiya mafayilo poyera, kufotokozera womudikirira mu wodi osayamba wapempha mwini matenda, kapena kujambula wovulala n'kumutumiza pa WhatsApp.

Ngakhale zili choncho, chinsinsi chili ndi malire, chifukwa pali anthu amene sangathe kudziteteza okha, monga ana, okalamba, anthu aulumali ndi odwala matenda a maganizo, amene kawirikawiri amazunzidwa ndi omwe amayenera kuwasamalira. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limalamula wachipatala amene waona zizindikiro zoti mwana akuchitidwa nkhanza kuti adziwitse apolisi kapena a ofesi yosamalira anthu, ngakhale achibale atafuna kuti nkhaniyo ithere pakhomo. Pofuna kuti wogwiriridwa asamafotokoze zowawa zake m'maofesi ambirimbiri, padakhazikitsidwa malo otchedwa Chikwanekwane, monga a pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene achipatala, apolisi ndi opereka uphungu amagwirira ntchito pamodzi. Kufika msanga n'kofunika, pakuti mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo aliyense amene akudziwa mwana wozunzidwa angathe kuimba nambala yaulere ya 116.

Choncho kusunga chinsinsi ndi kuulula nkhanza sizitsutsana, popeza zonse zimateteza munthu yemweyo amene ali m'manja mwa ena pa nthawi imene alibe mphamvu. Pamene kuulula kwafunika, wachipatala ayenera kuuza okhawo oyenera kudziwa, kunena zokhazo zofunika, ndi kudziwitsa wodwalayo zimene zikuchitika. Chipatala chimene anthu amachikhulupirira amapitako matenda asanakule, ndipo chikhulupiriro chimenecho chimadalira pakamwa pa wogwira ntchito aliyense, kuyambira mlonda wa pageti kufikira dokotala wamkulu.