Mnyamata amene anaba zipatso alibe njala

Ana inu a ku Mulanje, mukudziwa mmene mango a m'munda mwa eni amakopera akayamba kupsa. Zaka zoposa 1,600 zapitazo, mnyamata wina wa mu Africa momwe muno anakopekanso ndi mtengo wa eni, ndipo nkhaniyo inamuvutitsa mumtima mpaka atakula.

Dzina lake anali Augustine. Anabadwa mu 354 m'tauni ya Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria. Mayi ake, a Monica, anali Mkhristu wokonda kupemphera, koma mwanayo anali wosamva. Ali ndi zaka 16, usiku wina iye ndi anzake anakagwedeza mtengo wa zipatso zofananako ndi maapulo pafupi ndi munda wa kwawo. Anasenza zambirimbiri, n'kungolawako pang'ono, zotsalazo n'kuponyera nkhumba.

Mwamva? Nkhumba! Njala analibe, ndipo kwawo kunali zipatso zokoma kuposa zimenezo. Nanga anaberanji?

Ambirife tikanaiwala kukangocha. Augustine sanaiwale. Anakaphunzira ku Carthage, anakaphunzitsa ku Milan ku Italy, kumene bishopu Ambrose anam'batiza mu 387. Atabwerera kwawo anadzakhala bishopu wa mzinda wa Hippo. Ali ndi zaka zoposa 40 analemba buku lotchedwa Confessions, ndipo m'menemo anafukulanso nkhani ya usiku uja.

Atadzifunsa mosadzinyengerera, anapeza kuti chimene chinamukomera si zipatso ayi, koma kuchita choletsedwa. Anapezanso kuti akanakhala yekha sakanaba. Chinamukoka ndi kuseka kwa anzake ndi manyazi ooneka wamantha pagulu. Ine ndimamulemekeza kwambiri pamenepa, chifukwa sanakankhire mlandu kwa anzakewo. Anavomera kuti mtima wake womwe unafuna.

Funso lakuti choipa chimachokera kuti linamutengera zaka zambiri. Yankho lake linali lakuti Mulungu sanalenge choipa. Choipa ndi kusowa kwa chabwino pamene chimayenera kukhala, ngati chibowo pa malaya: chibowocho si nsalu, ndi malo amene nsalu yachoka.

Anamwalira pa 28 August 430, adani atazinga mzinda wa Hippo. Akatolika amamukumbukira pa tsiku limeneli chaka chilichonse, ndipo mayi ake amawakumbukira dzulo lake, pa 27 August.