Chidindo cha amfumu sichifika ku Joni

Mlamu wanga wa ku Mtakataka adataya mwamuna wake ku Joni, komwe ankagwira ntchito ya zomangamanga. Maliro atatha, kudabwera uthenga woti malemuwo adasiya kangachepe kuntchito. Kuti ndalamazo zituluke, pankafunika pepala lotsimikiza kuti mayiyu ndiyedi mkazi wa malemuwo, ndi lina lopatsa mchimwene wake, yemwe ali konko, mphamvu zomusainira.

Monga tichitira tonse, adayambira kwa amfumu. Kalata idalembedwa, chidindo chidamenyedwa, koma ku Joni adaibweza. Adagulitsa mbuzi n'kukwera Khwekhwelere kupita kuboma ku Dedza, komwe adakalumbira. Pepalalo lidabwereranso ndi mawu akuti akufuna chidindo cha notary public. Ulendo wachitatu udali wa ku Lilongwe. Palibe adamunamiza, kungoti panalibe womuuza kuti zidindo zimasiyana mphamvu.

Kalata ya amfumu ndi umboni wakuti munthu ndi wa m'mudzimo ndipo amadziwika. Pa nkhani za munda kapena za banja imathandiza kwambiri, koma ofesi ya ku Johannesburg siidziwa nyakwawa ya ku Golomoti.

Pamwamba pake pali olumbiritsa anthu, omwe pa Chingerezi amati commissioner for oaths. M'gululi muli majisitireti, bwanamkubwa wa boma ndi maloya. Iwo amachitira umboni kuti mwalumbira ndi kusaina pamaso pawo, komanso amatsimikiza kuti fotokope ikufanana ndi pepala lenileni. Pa zambiri za m'dziko momwe muno, chidindo chawo n'chokwanira.

Notary public ndiye wa mapepala owoloka malire. Kuno ku Malawi udindowu sugulidwa ngati laisensi ya golosale, ndipo si kosi ya miyezi itatu. Njira yake ndi yaitali. Munthu amayamba wapeza digiri ya zamalamulo, monga ya ku University of Malawi ku Zomba, kenaka n'kuvomerezedwa ndi khoti kukhala loya. Akagwira ntchito ya uloya kwa zaka zingapo, ali ndi chiphaso chosatha ntchito, amapempha kwa mkulu wa makhoti onse m'dziko muno kuti amupatse chiphaso cha unotary. Choncho notary aliyense ndi loya, koma si loya aliyense amene ali notary. Poti maloya ambiri ali ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ife a kunyanja timalipira kawiri: thiransipoti ndi chidindo.

Chifukwa chiyani azikhwimitsa chotere? Ofesi ya kunja siingathe kukuonani maso ndi maso. Imadalira kuti munthu wina wodziwika ndi malamulo adaona chiphaso chanu cha unzika, adakhutira kuti ndinu nomwe, kuti mwamva zomwe zalembedwa, ndipo palibe wakukakamizani. Notary akadinda chinyengo, ntchito yake ya uloya ili pachiswe. Mantha amenewo ndiwo amalemeretsa chidindo chake.

Nthawi zina akunja amafunanso chikalata chotchedwa apostille, chomwe chimatsimikiza kuti wodindayo ndi weniweni. Chidachokera mumgwirizano wa ku Hague wa 1961, womwe Malawi adalowamo mu 1967, ndipo South Africa nayo ilimo.

Kotero musanagulitse mbuzi, funsani amene akufuna pepalalo kuti akulembereni, ngakhale pa WhatsApp, mtundu wa chidindo chomwe akufuna. Nyamulani mapepala enieni, osati mafotokope okha. Onetsetsani kuti dzina la pa chiphaso cha unzika likufanana ndi la pa mtchatho, chifukwa chilembo chimodzi chimatha kubweza munthu. Musasainiretu kunyumba, siginecha imaikidwa pamaso pa wodindayo. Ndipo wina akakuuzani padepoti kuti mumupatse ndalama akakudindireni inu mutakhala pamthunzi, dziwani kuti pepalalo n'lachabe.

Dziwaninso kuti si pepala lililonse lofuna notary. Malinga ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011, wilo imangofunika kulembedwa, kusainidwa ndi mwini wake, ndi mboni ziwiri zoona akusaina. Msodzi akhoza kulemba wilo yake kwawo konko osakwera phiri. Ovutika amene akufuna uphungu wa zamalamulo angathenso kupita ku Legal Aid Bureau.

Mlamu wanga ndalama zija adalandira patapita miyezi, mbuzi ziwiri zitapita. Mwana wake wamkazi, yemwe ali Fomu 3, adamuperekeza ku Lilongwe, ndipo pobwera adandifunsa kuti, “Amalume, bambo adadinda aja adaphunzira chiyani?” Ndidamufotokozera njira yonse, osabisa kutalika kwake. Adangoti alimbikira Chingerezi. Dera lathuli, kuchokera ku Mua mpaka ku Golomoti, latulutsa aphunzitsi, ansembe ndi akatswiri osema ziboliboli. Likusowa mwana amene adzabwere ndi chidindo chimenechi kumudzi.